Zipolopolo za Imvi

Mwezi uno chatha chaka chimwalirire apongozi anga, a Yesaya Mbewe a ku Manassas. Pa maliro awo abusa anati malemuwa anali munthu wofatsa, wosakonda zolankhulalankhula. Ine ndinaweramitsa mutu, anthu n'kumayesa ndikulira, pamene ndinkabisa chiseko. Mawu amenewo abusa anachita kupatsidwa ndi alamu anga a Esinati, mwana woyamba wa malemuwo, ndipo linali bodza la masanasana. A Mbewe anali a makani, a liuma, osapsatira mawu. Ndinkawakonda ngati bambo anga ondibereka, ndipo sindilola kuti ana anga akule akuganiza kuti agogo awo anali nkhosa.

Kwawo kunali ku Mchinji. Kuno ku America anabwera kalekale ngati dalaivala wa bwana wina, ndipo bwanayo atabwerera kumudzi iwo anatsala. Anagwira ntchito yokonza maboila otenthetsa madzi m'nyumba zosanjikana mpaka anagula kanyumba ku Manassas, nthawi imeneyo kudakali kutchire, Amalawi anzawo akuwaseka kuti akukakhala ndi agologolo. Akazi awo, a Nabanda, anamwalira ine nditangokwatiwa kumene ndi mwana wawo wachiwiri, a Dalitso. Kuyambira pamenepo ana awiriwo anagwirizana mumtima kuti moyo wa bambo awo watha, chatsala n'kuwasunga bwino mpaka tsiku lawo lidzafike. Eni moyowo sanafunsidwe, ndipo nkhondo yonse ya zaka zawo zomaliza inali pa nkhani imeneyi.

Kuseri kwa kanyumbako kunali shedi ya matabwa, ndipo m'menemo ndi momwe munali mtima wawo. A Mbewe anali mlenje wa gogodela, mfuti ija yothira onga ndi chipolopolo chakukamwa. Anaphunzira kwa amalume awo ali mnyamata. Zinkawaseketsa kuti mfuti imene kwathu ankaibisa padenga poopa apolisi, ku Virginia kuno ili ndi nyengo yakeyake masamba akamayoyoka, azungu n'kumaigula m'sitolo n'kumanyadira. Chaka ndi chaka ankapita kukasaka agwape pa famu ya nkhalamba ina yachizungu chakumapiri, imene anaikonzera boila nthawi ina. Zipolopolo zogula sankazifuna n'komwe. Ankati munthu amene sanaumbe yekha chipolopolo chake alibe chifukwa chodandaulira akaphonya.

Ankasungunula mtovu wa mapaipi akale mu kamphika ka magetsi, n'kumatunga ndi kachipande kachitsulo, n'kuthira m'chikombole. Sichinali chikombole chathabwa choumbira njerwa ayi, koma chachitsulo, chokhala ndi zigwiriro ziwiri, chotseguka pakati. Malinga ndi iwo, kusungunula mtovu akhoza aliyense, ngakhale chidakwa. Ntchito inali kuweta chikombole. Chikazizira, mtovu umauma usanadzaze bwino, chipolopolo n'kutuluka ndi mizere ndi timaenje. Zimenezo ankazitcha makwinya. Chikatentha mopitirira, chipolopolo chimataya kuwala kwake n'kutuluka chotuwa ngati chawazidwa phulusa. Zimenezo ankazitcha imvi. Ankakonda kunena kuti ukalamba uli ndi makomo awiri, lina la kuzizira, lina la kutentha, ndipo mmisiri amayenda pakati. Pa alumali panali zitini ziwiri za khofi, china cha makwinya oti abwerere mumphika, china cha zipolopolo zopita kutchire.

Kutentha kwa chikombole ankakuyeza ndi tsaya. Ankachikweza n'kuchiyandikiza kumaso osachigunditsa, maso ali psinepsine, ngati akumvetsera munthu wonong'ona. Ankayang'ananso kadontho ka mtovu kotsala pamwamba. Kakauma nthawi yomweyo ankadziwa kuti chitsulo chidakali chozizira, ndipo ankachitsamiritsa m'mbali mwa mphika kuti chiothe. Kakachedwa kuuma ankachitsegula n'kumachikupiza m'mwamba, uku akuchikalipira kuti chapsa mtima ngati a Esinati. Madzi sankawalola kuyandikira mphikawo, ngakhale thukuta, poti dontho limodzi lokha limaphulitsa mtovu kumaso. Pa Khirisimasi ina a Dalitso anawagulira choyezera kutentha, chokhala ndi muvi ngati wotchi. A Mbewe anachitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati mwana wawo wamva kuti chikombole chikudwala malungo. Komabe sanachitaye. Anachikoleka pa msomali, ndipo masiku ena ndinkachiona chili mumphika, iwo n'kumanamizira kuti akuchiyesa ngati chimanena zoona.

Zonsezi ndinkaziona nditaima pakhomo, chifukwa mkatimo sindinalowemo ndi tsiku limodzi lomwe. Shediyo inali ndi lamulo la amalume a ku Mchinji: munthu wotentha salowa pamene akuumba zipolopolo. Wotentha ndiye amene ali pabanja ndipo amagona kuchipinda ndi mnzake. Wozizira ndi mwana, kapena nkhalamba imene inasiya zimenezo. Akalowa wotentha, zipolopolo zimang'aluka ndipo mfuti imaphonya. Sanandifotokozere okha, poti mpongozi sauzidwa zotere ndi apongozi ake aamuna. Tsiku loyamba ndikupita ndi tiyi anangokweza dzanja n'kuti, "Imani pomwepo, amake Chisomo. Ikani pansi, nditenga." Madzulo ake ndi pamene a Dalitso anandimasulira, akuseka kuti bambo awo amadziwa mapaipi onse a mu Washington koma amaopa mkazi wonyamula kapu.

A Esinati sankaseka nawo. Iwo ndi namwino ku Silver Spring, ndipo nkhani yawo inali ya mtovu, kuti ndi poizoni amene amawononga ubongo wa ana. Anakangana ndi bambo awo mpaka oyandikana nawo anasuzumira pawindo. Apa a Esinati ankanena zoona, ndipo a Mbewe anadziwa. Anagonja mwa njira yawo, osavomera pakamwa: anagula fani yotulutsa utsi, anayamba kusiya zitseko zonse pululu, anasiya ovolosi yawo mushedi momwemo, ndipo ankasamba m'manja mpaka m'zigongono asanagwire mdzukulu. Ana analetsedwa kuyandikira. Zotsatira zake zinali zoseketsa. Lamulo la ku Mchinji linkaletsa akuluakulu, lamulo la ku Silver Spring linkaletsa ana, choncho pa dziko lonse lapansi munthu wololedwa kulowa mushedi ija anatsala mmodzi yekha, bambo wamasiye Yesaya Mbewe.

Ku tchalitchi nakonso ankawanena. Mkulu wa mpingo wina anawapatula pambali n'kuwauza kuti sizikupereka chithunzi chabwino kuti Mkhristu wachikuda azisunga mfuti ndi kuumba zipolopolo m'dziko la eni. A Mbewe anamutulutsira chiphaso chawo cha ulenje, n'kumukumbutsa kuti pa chikondwerero cha chaka chatha anabwereza kawiri nyama ya gwape, ndipo sanafunse ngati gwapeyo anafa ndi chimfine. Lamlungu lotsatira anabwera ndi mwendo wathunthu atakulunga bwino, n'kuupereka kwa akazi a mkuluyo pamaso pa anthu onse. Nkhaniyo sinadzukenso.

Atapuma pa ntchito, ana aja anatulutsa poyera zimene anali nazo. Nyumba ya ku Manassas igulitsidwe, bambo asamukire kwa a Esinati, m'chipinda chapansi chija chokhala ndi kawindo koyang'ana matayala a magalimoto, azilandira adzukulu pochokera ku sukulu. Mfuti ndi mphika zipite. Ankanena mwachikondi, ndipo sindikukana kuti ankawakonda. Koma ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosungira okalamba ku Rockville, ndipo ndimadziwa mmene munthu amazimira akamulanda chinthu chimene chimamudzutsa m'mawa. Ndawasambitsapo ambiri otere, odyetsedwa bwino, ovala bwino, maso ali pakhoma. Ndinauza a Dalitso kuti akufuna kuika bambo awo mufiriji. Anandiyankha kuti nkhani za kwa a Mbewe si za mtengwa, ndipo tinatha masiku tikulankhulana kudzera mwa ana.

A Mbewe ankangozengereza, lero mawa, lero mawa, mpaka chinafika chaka chija kwathu kunali chisankho choyamba cha zipani zambiri. Chaka chimenecho, masamba atayamba kufiira, nthawi imene fani ya kushedi inkalira Loweruka lililonse, ndinapita kukawasiyira ndiwo. Ndinapeza shedi ili ndi loko. Loweruka lotsatira, loko yemweyo, akangaude atayamba kale kumanga pa chitseko. Ndinafunsa ngati akudwala. Anati ayi, chikombole chikupuma. Ndinawayang'ana bwinobwino. Ndevu zinali zometa, malaya ositidwa, ndipo makatani a kukhitchini, amene sanaone sopo chimwalirire a Nabanda, anali oyera mbee. Pa sitovu panali poto wa kapenta wotendera, ndipo apongozi anga sankadziwa ngakhale kukazinga dzira.

Ndinazindikira ndili pa msewu wobwerera, ndipo ndinachita kuimitsa galimoto pambali chifukwa cha kuseka. Munthu amene analetsa otentha onse kulowa mushedi anali atadziletsa yekha. Akanatha kulowa mobisa, palibe akanadziwa. Koma a Mbewe sakananyenga amalume awo, ngakhale kuti loko ameneyo ankalengeza nkhani yawo kwa aliyense wodziwa lamulolo. Sindinauze munthu. Sizinathandize, chifukwa a Dalitso anakulira pakhomo pomwepo, ndipo atangoona loko uja anaimbira mlongo wawo.

Mayi amene anawatenthetsayo anali mayi Sakala, a ku Chipata, amasiye nawonso, amene ankasamalira nkhalamba ina m'dera lomwelo. Anakumana m'basi. A Mbewe anawamva akudandaula okha m'Chinyanja kuti dalaivala wawapitirira, iwo n'kuyankhira. Anali mayi wonenepa bwino, woseka mokweza, wa zaka zosasiyana kwenikweni ndi zawo. Panalibe zachibwana. A Mbewe anali atalankhula kale pa foni ndi mchimwene wa mayiyo ku Chipata, ankhoswe a mbali zonse atamvana, ndipo chinatsala chinali kudalitsa ukwati ku tchalitchi ndi kuuza ana.

Ana sanadikire kuuzidwa. Tinakumana Lamlungu masana pa tebulo la kukhitchini ku Manassas, ine nditakhala chakumbali poti ndine mtengwa. A Esinati analankhula nthawi yaitali, Chichewa ndi Chingerezi mosakaniza. Anati ndi zamanyazi, anthu ku tchalitchi akuseka, mayiyo akufuna nyumba ndi mapepala okhalira m'dziko muno, manda a amayi awo sanaume n'komwe. Manda amenewo anali atamera udzu zaka zingapo, koma palibe anawadula mawu. A Dalitso anawonjezera kuti pa msinkhu umenewu munthu amayenera kukhala phee, kumawerenga Baibulo ndi kusewera ndi adzukulu.

A Mbewe anamvetsera mpaka onse anatopa. Kenako anadzuka, n'kutenga kiyi pa msomali, n'kumupereka kwa mayi wina wachikulire wa ku tchalitchi amene a Esinati anabwera naye kuti adzawathandize kudzudzula. Anamupempha kuti akatsegule shedi, akatenge chitini cha kumanzere ndi mbale imene inali pambali pake. Mayiyo anapita akung'ung'udza, ndipo tonse tinamva chifukwa chake anatuma iye osati kupita okha. A Esinati anagwira kumaso.

Kuchokera m'chitini anasankha chipolopolo cha makwinya n'kuchiika pa tebulo.

"Ichi chinatuluka m'chikombole chozizira," anatero. "Ndi chimene mukufuna kuti ndikhale. Chilibe ntchito. Chimangodikira tsiku lobwerera mumphika."

A Dalitso si munthu wogona. Anapisa dzanja m'mbale muja, n'kutola chotuwa, n'kuchiika pafupi ndi chinzakecho.

"Nanga ichi, adadi? Si inu nomwe munatiphunzitsa kuti chikombole chikatentha mopitirira chimabala imvi? Mwatentha mopitirira. Anthu akuona."

Ndinaganiza kuti apa apongozi anga agwidwa ndi msampha wawo womwe. Anachitola, n'kuchigubuduza m'dzanja kwa kanthawi.

"Wamva theka, mwana wanga. Cha imvi n'chosaoneka bwino, ndipo sindimachionetsa kwa alendo. Koma ndimapita nacho kutchire. Chimadzaza mfuti, chimawongoka, chimagwetsa gwape. Nyama imene wakhala ukudya zaka zonsezi, yambiri inagwa ndi zimenezi. Imvi ndili nazo, sindikukana. Makwinya a mtundu uwu ndiye ayi."

A Esinati anaimirira n'kutenga chikwama chawo. Anati ngati mayiyo alowa m'nyumba ya amayi awo, iwo ndi ana awo sadzapondamonso. Mawu amenewo anawalasa a Mbewe, chifukwa mwana ameneyu ndi amene ankamukonda koposa, ndipo ndi amene anatengera mtima wawo. Anangoti, "Khomo silikhala ndi loko, mwana wanga. Loko ali kushedi." Sanamulondole kubwalo.

Ukwati unadalitsidwa chisanu chitayamba, anthu ake ochepa. A Dalitso anabwera mokokedwa ndi ine, n'kukhala kumbuyo, koma pa chakudya anabwereza. A Esinati sanabwere. Anasunga mawu awo chaka ndi chaka, pa Khirisimasi, pa Pasaka, ngakhale pamene bambo awo ankatumiza nyama kudzera mwa ife. Nyamayo ankalandira, koma foni sankaimba. Musaganize kuti a Mbewe sizinkawapweteka. Ankasunga njinga za adzukulu a ku Silver Spring m'khonde, akuzipopa matayala mwezi ndi mwezi mpaka anawo anazipitirira msinkhu. Koma sanapepese, ndipo ine ndikuti anachita bwino, chifukwa panalibe chimene analakwa.

Bambo ndi mwana anadzaonananso kuchipatala, masiku omaliza. A Esinati analowa ndi yunifolomu, n'kuyamba kuwerenga mapepala a kumiyendo kwa bedi kuti asayang'ane mayi Sakala. Kenako anaika dzanja pa chipumi cha bambo awo n'kunena kuti thupi latentha. A Mbewe, pakamwa patapotoka kale, anayankha kuti akudziwa, ndipo palibe wowaziziritsa. A Esinati anaseka, kenako analira. Umo ndi mmene anagwirizanirana, ndipo sizinapitirire pamenepo. Mpaka lero moni amene amapereka kwa mayi Sakala ndi wa pakamwa chabe.

Zaka za pakatipo zinali zabwino, ndipo ndikufuna zilembedwe. Nyumba ija inayamba kununkhira chakudya. Ankakangana za mchere, za wailesi, za ngati Chinyanja cha ku Chipata n'chilankhulo kapena Chichewa chothyoka mwendo. Ulenje sanasiye, ndipo lamulo la amalume sanaliphwanye. Nyengo youmba ikayandikira, a Mbewe ankanyamula bulangete n'kusamukira pa sofa masiku angapo kuti azizire, mayi Sakala akuwaseka kuti apita ku maphunziro. Akamaliza kuumba ankabwerera kuchipinda. Tikapeza bulangete pa sofa tinkadziwa kuti fani ilira posachedwa. Ngakhale atadwala sitiroko yaing'ono ija, imene inawasiya tsaya lamanja lili dzanzi ndi maso akuchita nkhungu, anaumbabe nyengo ziwiri zina, a Dalitso akuwaperekeza kutchire n'kumawanyamulira mfuti.

Loweruka lapitali tinapita ku Manassas kukathandiza mayi Sakala kulongedza, poti akubwerera ku Chipata kwa ana awo. Titamaliza m'nyumba anatenga kiyi pa msomali, tinapita kuseri. Anatsegula, ine n'kupezeka nditaima pamalo panga pakhomo, miyendo itakana yokha. Mayi Sakala anandiyang'ana n'kumwetulira.

"Imani pamene apo, amake Chisomo. Ine manje ndine wozizira, ningangene."

Ovolosi ili pa msomali wake, mawondo ake adakali otukuka. Kamphika kali ndi mtovu wouma mpaka pakati, choyezera cha a Dalitso chitamira momwemo, poti tsaya litafa anayamba kuchidalira osabisanso. Fani yachita fumbi. Chikombole chili pa thabwa chotsegula, monga ankachisiyira kuti chipume. Mayi Sakala anandibweretsera zitini ziwiri zija pakhomo. Anati maso atayamba kuvuta, a Mbewe sankathanso kupeza pakati paja, ndipo anawauza kuti ngati n'kulakwa, iwo azilakwira kotentha.

Chitini cha kumanzere, cha makwinya, chinali chopanda kanthu, munali kangaude wakufa basi. Chinacho ndinachinyamula ndi manja awiri. Chinali chodzaza mpaka pakamwa, ndipo ndinazivundula ndi chala mpaka pansi kufuna chonyezimira ngakhale chimodzi. Zonse zinali za imvi.